Nkhono Yoweta ndi Chigoba Chake

Mu 1966 mnyamata wina wa mumzinda wa Miami, m'chigawo cha Florida ku America, anabwerako ku Hawaii atabisa nkhono zitatu zikuluzikulu zoti akawete kunyumba. Agogo ake anadzazimasula m'dimba la pakhomo. Patatha zaka 7 anthu anali atatola nkhono zoposa 18,000 m'deralo, ndipo boma linalimbana nazo zaka pafupifupi 10, n'kuwononga ndalama zokwana madola 1 miliyoni kuti zitheretu. Mu 2011 zinaonekanso ku Miami komweko, ndipo nkhondo yachiwiriyi inatha mu 2021. Kuti zinkadya mbewu ndi maluwa, aliyense ankayembekezera. Chimene chinadabwitsa eni nyumba n'chakuti nkhonozo zinkakwera makoma usiku n'kumapala pulasitala. Sikuti zinasowa masamba. Zinkafuna kashiamu, mchere wa m'nthaka umene chigoba chawo chimamangidwa nawo, ndipo zinaupeza pakhoma.

Nkhono zimenezi akatswiri amazitchula kuti Lissachatina fulica, ndipo mabuku akale amati Achatina fulica. Kwawo kwenikweni ndi kummawa kwa Africa, makamaka m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Kenya ndi ku Tanzania. Ndi abale a nkhono zikuluzikulu zija zimatuluka m'minda mwathu mvula yoyamba ikagwa. Anthu ndi amene anaziwolotsa nyanja: zinafika ku Calcutta ku India mu 1847, ndipo ku Hawaii mu 1936. Lero ku America n'kulakwira lamulo kuziweta popanda chilolezo cha boma. Ku Britain amaloledwa, ndipo Mmalawi wokhala ku Leeds kapena ku Manchester asadabwe mwana wake akabwera kuchokera kusukulu n'kunena kuti m'kalasi mwawo muli nkhono yaikulu m'bokosi lagalasi, ili ndi dzina, ndipo ana amasinthana kuidyetsa. Kumeneko ndi chiweto ngati kalulu kapena mbalame ya m'khola. Ndipo chimene chimavutitsa kwambiri oweta atsopano si chakudya, si kuzizira, koma chigoba.

Ambiri timaganiza kuti chigoba ndi nyumba imene nkhono imangolowamo, ndipo ikakula ingathe kusamukira m'china. Si choncho. Chigoba ndi mbali ya thupi lake, chomangiriridwa ndi mnofu wamphamvu m'kati, ndipo mapapo, mtima ndi matumbo zili momwemo. Nkhono imaswa ili nacho kale, kakang'ono, kofewa, koonekera m'kati. Kansonga kakuthwa ka kumapeto kwa chigoba cha nkhono yaikulu ndi kachigoba komweko kamene inabadwa nako. Kuyambira pamenepo chigoba chimakula mbali imodzi yokha, kukamwa kwake. M'mphepete mwa kukamwako muli khungu lapadera lotchedwa mantle. Khunguli limayamba latulutsa kachikopa kopyapyala ka mapuloteni, kamene kamapatsa chigoba mtundu ndi mizere yake, kenaka pansi pa kachikopako limayala calcium carbonate, mchere womwewo umene uli m'mwala wa laimu ndi m'chigoba cha dzira la nkhuku. Pa kulemera kwa chigoba, magawo oposa 95 pa 100 alionse ndi mchere umenewu.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Nkhono imamanga chigoba monga mmisiri amamangira khoma, mzere pamwamba pa mzere, ndipo mzere umene anaumanga tsiku limene simenti inachepa umakhalabe pomwepo ngakhale mizere yapamwamba ikhale yolimba. Nkhono imatha kukhuthalitsa chigoba chakale kuchokera m'kati, koma siingabwerere kukakonza maonekedwe akunja a malo amene inadutsa kale. N'chifukwa chake munthu wodziwa akanyamula nkhono yoweta amatha kuloza kuti apa inkadya bwino, apa inasowa chakudya, apa inagwa. Mwezi umodzi wa kusowa kashiamu pa ubwana umaonekabe nkhonoyo ili ndi zaka 5.

Ndipo ubwana wa nkhono imeneyi ndi wothamanga. Dzira lake ndi lalikulu pafupifupi mamilimita 5. Chaka chisanathe nkhonoyo imakhala itayamba kuikira mazira, ndipo yaikulu imakhala ndi chigoba cha masentimita 10 kapena kuposerapo. Mchere wonse wa m'chigoba chimenecho uyenera kulowa m'thupi kuchokera kunja, pakuti palibe cholengedwa chimene chimapanga kashiamu chokha.

Kutchire nkhono imadzipezera. M'kamwa mwake muli lilime lokhala ndi timano tambirimbiri, masauzande, lotchedwa radula, ndipo imapala nalo chilichonse chimene chili ndi laimu: miyala, dothi, mafupa a nyama zakufa, zigoba za nkhono zinzake zimene zinafa. Usiku kukakhala zii, nkhono yaikulu ikamapala chinthu cholimba, kupalako kumamveka ndi khutu. Ofufuza anaonanso kuti wina mwa kashiamuyo amalowa kudzera pakhungu la phazi limene nkhono imayendera, ndipo thupi limasungako wina m'chiwalo chogaya chakudya kuti adzagwire ntchito mtsogolo. N'chifukwa chake nkhono zimachuluka pamene nthaka ili ndi laimu. Ku England, nkhono yaikulu yotchedwa Helix pomatia imapezeka makamaka m'mapiri a choko ndi a laimu monga Chilterns, North Downs ndi Cotswolds. Ku Netherlands kunaoneka zosiyana. Mvula ya asidi yochokera ku utsi wa mafakitale itasukuluza kashiamu m'nthaka ya m'nkhalango, nkhono zinachepa, ndipo mu 1994 katswiri wina dzina lake Jaap Graveland ndi anzake anaonetsa kuti timbalame ta m'nkhalangozo tinayamba kuikira mazira a zigoba zopyapyala, chifukwa zigoba za nkhono zimene tinkadya pa nthawi yoikira zinali zitasowa. Kashiamu amayenda kuchokera m'mwala kupita m'nkhono, kuchokera m'nkhono kupita m'dzira la mbalame.

Munthu akatsekera nkhono m'bokosi amaichotsera zonsezi. Siingathenso kuyenda usiku kukafunafuna mwala woyenera. Ntchito imene nthaka inkagwira yagwera mwini wake, ndipo ine ndimaona kuti amene sali wokonzeka kuigwira ndi bwino asayambe n'komwe kuweta, pakuti nkhono siilira, siikuwa, imangofooka mwakachetechete m'manja mwa munthu amene akuganiza kuti akuisamala.

Chimene oweta ambiri ku Ulaya amagwiritsa ntchito ndi fupa la cuttlefish, nyama ya m'nyanja yamchere ya m'gulu limodzi ndi octopus. Ngakhale amati fupa, kwenikweni ndi chigoba cha m'kati mwa thupi la nyamayo, choyera, chopepuka, chooneka ngati tsamba lalitali, ndipo chimagulitsidwa m'masitolo a ziweto kuti mbalame za m'khola zizijompha. Ubwino wake ndi wakuti mbali imodzi ndi yofewa moti chikhadabo chimalembapo, choncho ngakhale kankhono kongoswa kumene kamatha kupala. Fupali alitsuke bwino ndi madzi opanda mchere lisanalowe m'bokosi, achotseko kachitsulo kopachikira m'khola la mbalame, ndipo asagule limene analiika mtundu kapena fungo. Lotola pagombe la nyanja yamchere limafunika kuliviika m'madzi abwino ndi kuwasintha kangapo, chifukwa mchere wapatebulo umayamwa madzi m'thupi la nkhono n'kuipha. Likada ndi dothi alitsuke, likatha aikemo lina tsiku lomwelo.

Kwa munthu wa ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, fupa limeneli si lopezeka msanga, koma dzira lili m'nyumba iliyonse. Chigoba cha dzira limodzi la nkhuku chili ndi kashiamu pafupifupi magalamu 2. Vuto lake ndi kulimba: nkhono ikapatsidwa zibenthu zikuluzikulu imangozilambalala. Zigobazo azitsuke, achotse kakhungu ka m'kati, aziwiritse kuti tizilombo toyambitsa matenda tife, aziyanike mpaka ziume gwa, kenaka azisinje mumtondo woyera, umene sunasinjidwemo mchere kapena tsabola, n'kusefa mpaka zikhale ufa wosalala. Ufawo auike m'kambale kosaya pakona pa bokosi. Ena amaunyowetsa pang'ono n'kuuumba timibulu, tikauma nkhono n'kumapala. Kumene amagulitsa zakudya za nkhuku zoikira kumapezekanso zigoba za oyster zophwanya ndi ufa wa mwala wa laimu wosakaniza m'chakudya cha nkhuku. Zonsezi ndi calcium carbonate, ndipo pa magalamu 100 alionse a mchere umenewu, magalamu 40 ndi kashiamu weniweni.

Pa laimu pafunika kudekha, chifukwa dzina ndi limodzi koma zinthu zake ndi zitatu, ndipo ziwiri mwa izo zimapha. Choyamba ndi mwala wa laimu wongogaya, monga umene umakumbidwa m'mapiri a Chenkumbi ku Balaka, usanaone moto. Umenewu ndi wofatsa, ndipo ndi umene nkhono ikufuna. Mwala womwewo ukaotchedwa mu uvuni pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 900 umasanduka calcium oxide, laimu wamoto amene amatentha akakhudzana ndi madzi. Akauthira madzi n'kuzizira umasanduka calcium hydroxide, njereza ija timapaka makoma ndi kuwaza m'zimbudzi. Njereza imasupula ngakhale manja a munthu wopaka nyumba tsiku lonse, nanji thupi la nkhono limene ndi lonyowa paliponse. Thumba lolembedwa kuti laimu lisalowe m'bokosi la nkhono mwini wake asanatsimikize kuti ndi mwala wongogaya. Phulusa nalonso ayi. Lili ndi kashiamu ndithu, koma aliyense wodziwa kucheza chidulo akudziwa ukali wa madzi ake.

Choko cha kusukulu chimanyenga ambiri. Kale chinkachokera ku mwala wa choko, koma chambiri cha masiku ano chimapangidwa ndi gypsum, amene ndi calcium sulphate, ndipo china amachiika utoto ndi zomatira. Kuyesa kwake n'kosavuta: dontho la viniga likagwera pa calcium carbonate pamachita thovu, pa gypsum sipachita kanthu. Koma kuyesaku kumangothandiza pa choko ndi miyala. Njereza yokhalitsa nayo imatha kuchita thovu pamwamba ili yoopsabe m'kati. Mapiritsi a kashiamu a anthu asiyidwenso, pakuti ambiri amawasakaniza ndi mavitamini, zotsekemera ndi zina zimene sanapangire nkhono.

Funso limene oweta amatsutsana kawirikawiri ndi lakuti kashiamuyo awazidwe pachakudya kapena aikidwe payekha. Ine ndili kumbali ya oika payekha. Nkhono imadziwa nthawi imene thupi lake likufuna: masiku ena imagona pafupa la cuttlefish usiku wonse mpaka kusiya dzenje, masabata ena siiliyang'ana n'komwe. Ufa ukawazidwa pa chakudya chilichonse, nkhonoyo imakakamizidwa kudya muyezo umene munthu wasankha, kapena kusiya chakudyacho. Chofunika n'chakuti kashiamu akhalemo nthawi zonse, pamalo pamene nkhono iliyonse m'bokosimo ingafike, ndipo ngati nkhono zili zambiri, malowo akhale angapo.

Komabe mwala wokha sukwanira. Kachikopa kakunja kaja n'ka mapuloteni, ndipo nkhono yodya letesi ndi nkhaka zokhazokha, zimene kwambiri ndi madzi, imamanga chigoba chosalimba ngakhale fupa lili pambali pake. Masamba obiriwira kwambiri monga mpiru, repu, nkhwani ndi kholowa ndi abwino, pamodzi ndi mbatata, maungu ndi karoti, zonse zosaphika ndi mchere, zotsukidwa bwino, ndiponso zochokera kumunda kumene sanapopere mankhwala. Oweta a ku Britain amawonjezera chakudya cha mapuloteni kamodzi pa sabata, monga chakudya cha nsomba zoweta chonyowetsa. Sipinachi ndi bonongwe zili ndi asidi wotchedwa oxalate amene amagwira kashiamu kuti thupi lisamuyamwe, choncho zikhale za apo ndi apo.

Dothi la m'bokosi nalo lili ndi mbali yake, ndipo ambiri amaliiwala. Nkhono imakhala maola ambiri itadzikwirira. Ngati dothilo lili ndi asidi, monga dothi la peat limene limagulitsidwa m'matumba a maluwa ku Ulaya, limadya chigoba pang'onopang'ono kuchokera kunja, makamaka kunsonga kumene kachikopa koteteza kanatha kale. Zimene viniga amachita m'kamphindi, dothi lotere limachita m'miyezi. Oweta ambiri amasankha ufa wa makoko a kokonati kapena dothi lopanda feteleza, n'kusakanizamo ufa wa mwala wa laimu pang'ono. Dothilo likhale lonyowa koma losadontha madzi likafinyidwa. M'bokosi mukauma, nkhono imachita zimene abale ake amachita kwathu kuno m'chilimwe: imalowa m'chigoba, n'kutseka pakhomo ndi chivindikiro choyera chopangidwa ndi madzi ake onanda osakanikirana ndi kashiamu. Chivindikiro chilichonse chotero chimatapa pa kashiamu amene akanapita kuchigoba.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo woweta amafunika kudekha komweko kuti aone vuto lisanakule. Malo oyamba kuyang'ana ndi m'mphepete mwa kukamwa kwa chigoba. Mwa nkhono imene ikukula, mzere watsopano umakhala wopyapyala ndi wofewa kwa masiku ochepa, ndipo zimenezo n'zachilengedwe, bola usakhudzidwe. Koma mzerewo ukakhala wofewa kwa masabata, wamakwinya, wothetheka wokha, kapena wopapatiza kuposa mizere yam'mbuyo, pali chimene chikusowa. Chizindikiro china ndi nkhono kuyamba kupalana zigoba, kapena imodzi kupala kukamwa kwa chigoba chake chomwe. Timizere toyera pamsana pa nkhono imene imakhala ndi inzake timatanthauza kuti inzakeyo yapeza mwala wa laimu umene mwini wawo sanaziikire. Kuyera kwa kunsonga kokha mwa nkhono yokalamba si matenda. Ndi kachikopa kakunja kamene kaperepeseka ndi zaka, ndipo sikamera kachiwiri.

Nthawi imene kashiamu amafunika koposa, kupatula pa ubwana, ndi yoikira. Nkhono iliyonse ya mtundu umenewu ili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi zomwe, choncho ziwiri zikakhala pamodzi zonse zimatha kuikira. Lissachatina fulica imaikira mazira 100 kapena kuposerapo nthawi imodzi, kangapo pa chaka, lililonse lili ndi kachigoba kake. Archachatina marginata ya ku Nigeria imaikira ochepa koma aakulu ngati a kambalame. Ngati chakudya chilibe kashiamu wokwanira, thupi limasungunula wina m'kati mwa chigoba cha mayi kuti mazira akwane, ndipo nkhono yoikira kawirikawiri imayamba kupepuka m'manja. Tiana tikaswa, chakudya chawo choyamba ndi zigoba za mazira amene tatulukamo, choncho zigobazo zisachotsedwe. Koma palibe amene angasamale tinkhono mazanamazana. Oweta odalirika amafufuza m'dothi sabata iliyonse, ndipo mazira osafunika amawaika mufiriza masiku awiri asanawataye. Ku Britain lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kumasula kutchire nyama zosakhala za m'dzikomo, ndipo nkhono zimenezi zili m'gulu lomwelo.

Zigoba zambiri zosweka zimasweka chifukwa cha kugwa. Nkhono imakonda kukwera mpaka kuchivindikiro cha bokosi n'kulendewera chadodolido, ndipo yaikulu ikaphonya imagwa ndi kulemera kwake konse. Dothi lakuya, lofewa, lopanda miyala kapena mbale zadothi pansi limapulumutsa zambiri. Ponyamula, munthu asakoke chigoba pamene phazi lamatirira pagalasi, chifukwa amatha kung'amba mnofu umene umagwira thupi kuchigoba, ndipo bala limenelo silipola. Anyowetse dzanja, alowetse chala pansi pa mutu, nkhonoyo ikwere yokha. Akamaliza asambe m'manja ndi sopo, makamaka ana, pakuti nkhono, makamaka zotola kutchire, zimatha kunyamula nyongolotsi ya m'mapapo a makoswe yotchedwa Angiostrongylus cantonensis, imene imayambitsa matenda oumitsa khosi mwa munthu.

Mng'alu waung'ono kapena kubenthuka kwa kukamwa nkhono imakonza yokha. Pasanathe masiku ambiri khungu la mantle lija limayala kachikopa pabalapo, kenaka kashiamu pansi pake. Chimene mwini angachite ndi kuipatula m'kabokosi kosaya, koyera, konyowa, n'kuiikira kashiamu pafupi ndi chakudya. Chigambacho chimatuluka choyera ndi chokhakhala, chopanda mizere yokongola ija, koma chimagwira ntchito. Guluu kapena utoto wa zikhadabo zisafike pamnofu. Chigoba chikaphwanyika kwambiri mpaka ziwalo za m'kati kuonekera, kawirikawiri nkhonoyo imauma n'kufa, ndipo kumene kuli dokotala wa ziweto wodziwa nyama zotere ndi bwino kupita nayo msanga.

Nkhono za m'madzi, zimene anthu amaweta m'matanki agalasi pamodzi ndi nsomba, zimatenga kashiamu wambiri m'madzi momwemo, choncho kwa izo funso ndi la madzi. Asidi amayezedwa ndi muyezo wa pH, pamene 7 ndi pakatikati. Madzi akatsika pansi pa 7, chigoba chimayamba kuchita timaenje toyera ndipo nsonga imadyeka. Madzi a m'nyanja ya Malawi ali pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo m'menemo mumakhala nkhono ya chigoba chokhuthala yotchedwa Lanistes nyassanus, imene siipezeka kwina kulikonse padziko. Ikafa, chigoba chake chimakhalitsa pamchenga osasungunuka msanga, moti timbuna tina timabisalamo. Woweta m'tanki amatsanzira madzi otere poikamo kachidutswa ka fupa la cuttlefish kapena miyala ya korali yophwanya, pang'onopang'ono, kuti nsomba zisadzidzimuke ndi kusintha kwa madzi. Madzi amvula okha sayenera, chifukwa mulibe mchere wa m'nthaka.

Nkhono za m'tanki zigulidwe kwa oweta, zisatoledwe m'dambo, mumtsinje kapena m'mbali mwa nyanja. Tinkhono ta mtundu wa Bulinus, monga Bulinus globosus ndi Bulinus nyassanus timene timapezeka kummwera kwa nyanja ya Malawi cha ku Cape Maclear, ndi timene timasunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboto timatuluka m'nkhono n'kusambira m'madzi, ndipo timalowa pakhungu la dzanja limene laviikidwa m'tankimo.